Kambulu m'bere muli ndi pakati: ndi mkaka kapena ndi china?

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wandilembera imelo. Ali ndi pakati pa miyezi isanu. Akuti kale ankadziyeza mawere akangomaliza kusamba, koma poti mwezi unaima sakudziwanso tsiku loyezera. Sabata yatha anagwira kambulu kolimba kubere lakumanzere, ndipo apongozi ake kumudzi akuti ndi mkaka ukubwera, asadandaule.

Achemwali, n'kutheka apongozi anu akulondola. Mimba imatupitsa mawere, nsonga zimada, ndipo zotupa zambiri za nthawi imeneyi si khansa. Komabe khansa ya m'mawere imagwira mayi mmodzi mwa oyembekezera pafupifupi 3,000, ndipo kawirikawiri imadziwika mochedwa chifukwa aliyense, nthawi zina ndi anamwino omwe, amangoti "ndi mimbayo". Ine kambulu kolimba sindingakaweruze pa foni, apongozinso sangathe.

Za tsiku n'zosavuta. Sankhani limodzi lomwe simuliiwala, kaya lolipira lendi, muziyeza mwezi ndi mwezi. Gonani chagada, dzanja limodzi kunkhongo, linalo muzisisita bere mozungulira ndi zala zitatu zapakati, osati kutsina. Mufike mpaka m'khwapa, chifukwa ambiri amalekera pa bere penipenipo. Kenako imani pagalasi mutakweza manja. Chomwe mukufufuza ndi chosintha cha mbali imodzi yokha: mbulu yolimba yosasuntha, khungu lobookabooka ngati khoko la lalanje, nsonga yomwe yalowa m'kati posachedwa, magazi otuluka kunsonga, kapena kufiira kosatha. Mbulu ikakhala masabata awiri osachoka, iwonedwe ndi dokotala.

Inu musadikire tsiku lanu la sikelo. Pitani ku kiliniki sabata ino, muwauze asisitala momveka, ndipo muwapemphe alembe m'khadi mwanu ndi kukupatsani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Ku Helen Joseph kuli kiliniki ya mawere, ku Chris Hani Baragwanath nakonso ilipo. Amayamba ndi sikani ya ultrasound, yonga yomwe amaonera mwana m'mimba, ndipo siivulaza mwana. Akafuna kutengako kanyama ndi singano kuti akayeze, zimenezonso zimachitika mayi ali woyembekezera. Ngakhale itapezeka khansa, opaleshoni imatheka, mankhwala olimbana ndi khansa a chemotherapy amaperekedwa miyezi itatu yoyamba ya mimba ikadutsa, pomwe chithandizo cha radiotherapy, chowotcha khansa ndi cheza, chimadikira mwana abadwe.

Simunafunse za mapepala, koma ndikudziwa kuti ambirife n'zimene zimatibweza. Mu 2023 khothi lalikulu kuno ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena ayi. Pakhomo penipeni nthawi zina pamavutabe, choncho lawirirani m'mamawa, khadi la sikelo lili m'manja, ndipo mutenge mnzanu wodziwa Chizulu kapena Chingerezi akuperekezeni.