Kwa amene mukuyamba wodi ya amayi ndipo mwafunsa za khansa ndi opaleshoni

Mng'ono wanga, mwafunsa ngati ophunzira udokotala amaloledwa kugwira mpeni pa opaleshoni za khansa ya amayi, komanso zoti mukonzekere musanayambe wodi ya gynae mwezi wamawa. Mpeni simugwira, ndipo zisakudandaulitseni. Opaleshoni zimenezo ndi za madokotala amene anatha zaka zinayi za MMed (maphunziro a ukatswiri) n'kupitirizanso maphunziro a khansa. Inu muli ndi ntchito ina, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo yaikulu.

Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha 2020 chinasonyeza amayi oposa 4,000 opezeka nayo pachaka, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri amafika ku Queens kapena ku Kamuzu Central mochedwa, koma mukatsegula buku lawo lakuchipatala mupeza kuti anayamba kalekale kudandaula. Tsamba ili, chikazi chonunkha, anapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana. Tsamba linalo, kutaya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, mankhwala omwewo. Palibe analemba kuti anaona khomo la chiberekero. Mukamaliza maphunziro n'kutumizidwa kuchipatala cha boma, mayi ameneyu adzayambira kwa inu.

Choncho speculum, chida choonera khomo la chiberekero, ikhale m'manja mwanu tsiku lililonse. Pitani kwa anamwino amene amayeza VIA (kuyeza khomo la chiberekero polipaka viniga), muwapemphe mwaulemu kuti mukhale nawo. Iwo aona makomo a chiberekero ochuluka kuposa madokotala ambiri. Muone mmene amapakira viniga, kudikira mphindi imodzi, n'kuyang'ana ngati pena patuwa. Muphunzire kusiyanitsa chofunika kuwotcha ndi thermal ablation, chofunika LEEP (kudula pamene pali vutopo ndi kawaya kamagetsi), ndi chotupa chimene sichifunanso viniga koma kutapa kanyama kopita ku labu. Mayi aliyense muzimufunsa za HIV, pakuti amene ali ndi kachilomboka chiopsezo chawo n'chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ndipo agogo amene anasiya kusamba akayambanso kuona magazi, musawabweze ndi mapiritsi. Ganizani khansa mpaka mutatsimikiza kuti si imeneyo.

Werengani magawo a FIGO a 2018, osonyeza pamene khansa yafika, musanafike, koma mudzawamvetsa bwino poyeza ndi zala, dokotala wamkulu ali pambali. Iye amafuna kudziwa ngati chotupa chikadali pakhomo pokha kapena chafalikira m'mbali. Chikadali chaching'ono, opaleshoni imatheka. Chikalowa m'mbali, kuyambira IIB, mpeni suthandizanso, pamafunika radiotherapy (kuwotcha khansa ndi makina) pamodzi ndi kemo. Kwa zaka zambiri makina amenewa kunalibe m'dziko muno, moti odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja. Tsopano ayamba kupezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komabe funsani akuluakulu anu mmene odwala akutumizidwira panopa.

Ku fiyeta pitani ndithu, musambe m'manja, muvale, mugwire retractor, chida chokokera bala kuti dokotala aone bwino, ngakhale mkono uchite dzanzi. Radical hysterectomy imatenga maola angapo, ndipo si chimodzimodzi ndi kuchotsa chiberekero wamba: amachotsanso minofu ya m'mbali, kumtunda kwa njira ya amayi ndi anabere a m'chiuno. Maso anu akhale pa ureter, kapaipi kotenga mkodzo kuchokera ku impso. Kamadutsa pansi pa mtsempha wa magazi wopita kuchiberekero, pafupi kwambiri ndi khomo, ndipo dokotala akakagunda pang'ono mudzakaona kakuyenda ngati nyongolotsi. Mukakaona kamodzi simudzaiwala chifukwa chake mayi wina amadontha mkodzo pambuyo pa opaleshoni. Ku Blantyre bungwe la MSF (Madokotala Opanda Malire) lakhala likugwira ntchito ya khansa imeneyi limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira 2018, choncho amene muli ku KUHeS muli ndi mwayi woona opaleshoni zimene akale ankangowerenga m'mabuku.

Mawa lake mukamuone wodwala uja pa wodi. Mkodzo ukutuluka wochuluka bwanji m'katheta, thupi latentha kodi, bala likuoneka bwanji, wayamba kuyenda? Zimenezi n'zanu, palibe angakuletseni.

Chimene ophunzira ambiri amathawa ndi kukhala pansi ndi mayi amene khansa yake yapitirira. Pa raundi timalankhula Chingerezi pamutu pake n'kudutsa, iye n'kutsala akufunsa gadiyani kuti adokotala ati chiyani. Bwererani. Kokani katani, khalani pampando, muwafunse mayiwo zimene akudziwa kale ndi amene akufuna akhalepo pomva zotsatira. Kuulula matenda koyamba ndi udindo wa dokotala wamkulu, koma mukhalepo, mumve mawu amene amasankha. Pezaninso tsiku lopita ku Tiyanjane, kiliniki ya ku Queens yochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika, mukaone mmene amaperekera mofini wakumwa maola anayi alionse, ndi mmene amachepetsera fungo la bala ndi metronidazole kuti mayi athe kudyera limodzi ndi ana ake.

Khansa ya m'thumba la mazira ndi mimba ya molar (chotupa chomera m'malo mwa mwana) muwerengenso, makamaka kutsatira hCG, homoni ya mimba, chifukwa choriocarcinoma, khansa imene ingatsatire mimba yotere, imachizika ndi kemo ikapezeka msanga. Amayi amene ali ndi ana aakazi muziwakumbutsa za katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero), amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Tsiku loyamba mutenge kabuku kolembamo odwala anu ndi nsapato zoti mungaime nazo nthawi yaitali.