Kabwato ka kit kakukhota, timatabwa tikuthyoka kumphuno

Funso: Amisiri, ndinagula kit ya kabwato ka matabwa kotalika pafupifupi masentimita 60, kaja kokhala ndi keel (msana wa bwato) ya plywood ndi nthiti zodulidwa kale ndi laser. Nthiti ndamata zonse, ndipo ndayamba kukuta m'mbali ndi timatabwa tokhuthala mamilimita 1.5, tambali mamilimita 5. Mbali ya kumanja ndafika pakati, ya kumanzere sindinayambe. Timatabwa tikumathyoka tikafika kumphuno, tina tikusiya mipata, ndipo ndikayang'ana kuchokera kumbuyo kabwatoko kakuoneka kokhotera mbali imodzi. Ndikumatira guluu wa supa. Kodi anandigulitsa kit yoipa?

Yankho: Achimwene, nthitizo simunazipale. Ndaziona izi kambirimbiri, ndipo aliyense amayamba kuda kit. Laser imadula molunjika, m'mphepete mwa nthiti mumakhala mwa sikweya, pomwe thupi la bwato limanka liwonda kupita kumphuno. Kathabwa kakafika pa nthiti yosapala kamagunda kona yokha, kupindika konse kumathera pamalo amodzi, basi kathyoka. Mipata mukuionayo ikuchokera komweko.

Kukhotako mwadzipangira nokha. Simukuta mbali imodzi mpaka pakati ina ili mbee. Kathabwa kalikonse kopindidwa kamafuna kuwongoka, ndipo ngati munakamata konyowa kamafupika pouma, ndiye tonse pamodzi takoka keel. Muzimata tiwiri kumanja, tiwiri kumanzere, mpaka kutseka. Panopa kanganulani zonse mwamatazo. Guluu wa supa amafewa ndi acetone (mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo), pakani ndi kaburashi m'malumikizidwe, dikirani pang'ono, lowetsani lumo. Keel muipanikize pakati pa matabwa awiri owongoka okhomedwa pa thabwa lomangirapo, ndipo pakati pa nthiti muikemo tizidutswa ta matabwa tofanana ndendende mbali zonse ziwiri kuti isabwererenso.

Tsopano ntchito yeniyeni. Pangani chopalira: kathabwa ka masentimita 15 mpaka 20, kotalika kokwanira kugona pa nthiti zitatu nthawi imodzi, mumatepo sandipepa ya nambala 80. Osapala nthiti imodziimodzi ndi sandipepa ili m'zala, mungozungulitsa m'mphepete n'kuwononga. Nthiti za kutsogolo mumadya kona ya kutsogolo, ya kumbuyo kuisiya. Nthiti za kumbuyo mumadya kona ya kumbuyo. Zapakati sizifuna zambiri. Kuda komwe laser imasiya m'mphepete mwa nthiti podula kukuthandizani pano: palani mpaka kutsale kamzere kakuda kowonda ngati ulusi pa kona yomwe simukuyenera kuikhudza. Kamzereko kakafufutika ndiye kuti mwadya thupi la bwato.

Mukapala, musakhulupirire maso. Tengani kathabwa kamodzi kouma mwa timene tili m'kit momwemo, kosankha bwino, kopanda mfundo. Kagwiritseni ndi pini pa nthiti yapakati, kenako kagonekeni ndi chala kudutsa nthiti zinayi kapena zisanu kulowera kumphuno, osakanikiza mwamphamvu. Nyamulani kabwatoko muloze kowala, muyang'ane pansi pa kathabwako. Pa nthiti iliyonse kayenera kugona pa makulidwe onse a plywood, osati kona yokha. Kuwala kukamaoneka ngati kamphako ka ngodya zitatu, kupala sikunakwane. Kathabwa kakamagwedera pa nthiti imodzi n'kusiya ziwiri zoyandikana nayo, yapakatiyo yatumphuka, ipaleni. Kakadumpha nthiti imodzi osaigunda n'komwe, imeneyo ndiyolowa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amayamba kupala zoyandikana kuti zifanane nayo, mapeto ake mbali yonse yaphwa. Yolowayo imatidwe kathabwa kopyapyala ka theka la milimita m'mphepete mwake, kaume, ndiye mupale.

Kuyesaku sikwa kamodzi. Chitani m'mwamba pafupi ndi deki (pamwamba pa bwato poyendapo anthu), chitani pakati, chitani pamimba pomwe thupi limakhotera pansi, chitaninso pafupi ndi keel, chifukwa kupendeka kwa m'mphepete kumasintha pa nthiti imodzi yomweyo kuchokera pamwamba kufika pansi. Kenako kumbuyo chimodzimodzi, kenako mbali inayo. Ngati maso akukunamizani, detsani kunsi kwa kathabwako ndi pensulo yofewa n'kukakhuza pang'ono pa nthiti. Pomwe pada ndi pomwe pakugunda, poyera sipakugunda. Yendetsaninso chala pamwamba pake, chala chimamva kakhonyo komwe diso silinaone. Kathabwa kouma kakagona bwinobwino popanda kukakamiza, konyowa ndi kotenthetsa sikangakuvuteni. Pa bwato la masentimita 60 ntchito iyi ikhoza kudya madzulo awiri, ndipo palibe pate (phala lotsekera mipata) yemwe angabise thupi lomwe linadumpha pamenepa. Pakati pa mphuno ndi nthiti ziwiri zoyamba ndimalangiza kudzazamo zidutswa za balsa (mtengo wofewa, wopepuka kwambiri) n'kuzipala pamodzi ndi nthiti, kuti kathabwa kapeze pogona ponse pomwe kupindika kuli kwakukulu.

Zopinda ndi zodziwika. Viikani kathabwa m'madzi otentha mphindi 20 kapena 30, koma dziwani kuti chopinda thabwa ndi kutentha, madzi amangothandiza kuti kutenthako kulowe. Simbi yositira kapena thupi la soldering iron (chida chowotcherera mawaya) zimagwira ntchito. Kagwiritseni pamalo pake ndi mapini popanda guluu, kaume, ndiye mumate.

Chinanso chomwe sindikukayika kuti simunachite ndi kuwondetsa nsonga. Yezani m'mphepete mwa nthiti ndi kapepala kowonda. Tiyerekeze kuti yapakati yakupatsani mamilimita 70, ndiye kuti timatabwa 14 ta mamilimita 5. Ya kumphuno ikakupatsani 45, timatabwa 14 tomweto tiyenera kukwana pamenepo, kutanthauza kuti kalikonse kakhale mamilimita 3.2 pofika apo. Dulani m'mphepete mwa m'mwamba mokha, ndi rula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa. Osawondetsa kupitirira theka la mulifupi mwake, ndipo nsonga yosongoka ngati singano sigwira. Kumbuyo kukatseguka mpata, lowetsanimo kathabwa kakafupi kowonda mbali imodzi m'malo mokhotetsa kathabwa cham'mbali.

Guluu wa supa musiyeni. Amauma musanakonze kathabwa, ndi wophweka kusweka, amalimba kuposa thabwa moti popala mumadya thabwa iye n'kutsala ngati chitunda, ndipo pa timatabwa tokongoletsa ta pamwamba amasiya banga lomwe vanishi salibisa. Gwiritsani guluu woyera wa akalipentala, wa PVA, pa nthiti ndi m'mphepete mwa kathabwa koyandikana nako, wotuluka mupukute ndi kansalu konyowa. Dontho la supa pansonga pokha silivuta. Timisomali tamkuwa togwirira timatabwa booleranitu ndi kabowo ka theka la milimita, musatikhomere mpaka mutu, mudzatizule musanapale.

Kit yokha ili ndi mlandu wake pang'ono. Zotchipazi zimabwera ndi plywood yokhala ndi mphako m'kati, keel yokhota kale m'bokosi, ndi timatabwa tochekedwa mopingasa mitsempha ya mtengo. Kotere kamathyoka ngakhale mutakaphika tsiku lonse. Yang'anani mitsempha: ikamathawira m'mphepete mopendeka, kaikeni pambali kakagwire ntchito pamalo owongoka, zoyenda molunjika ndizo za kumphuno.

Funso: Nanga ndikamaliza ndingakayendetse pamadzi?

Yankho: Onani pabokosi kaye. Ma kit ambiri a mtundu uwu ndi oika pashelefu. Guluu woyera wamba amafewa m'madzi, plywood yake imatupa n'kukanganuka, ndipo bwato la milongoti italiitali lopanda cholemetsa pansi limagudubuka mukangolisiya. Ngati mukufunadi la pamadzi, chisankhocho chimachitika deki isanatsekedwe: m'kati monse mupake epoxy (guluu wochita kusakaniza mitundu iwiri, wosalowa madzi), kunja muyale kansalu kopyapyala ka fibreglass ndi epoxy yomweyo, ndiye muliike m'bafa n'kumaikamo zidutswa za mtovu pansi penipeni pafupi ndi keel mpaka madzi afike pa mzere wa pa pulani. Mtovuwo muumate ukakhazikika, ukamayendayenda bwato limapendekera mbali. Inu pakadali pano keel yanu ndiyokhota, yambani mwagula acetone.