Chilonda cha pa chida cha abambo chikakana kupola

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo yomwe wandilola kuiyankha poyera, bola ndisatchule dzina. Amuna ake, a zaka 58, ali ndi chilonda kunsonga kwa chida chawo, mkati mwa khungu, ndipo chatha miyezi 7. Kawiri konse alandira jakisoni ndi mapiritsi a matenda opatsirana pogonana, kwa asing'anga nakonso afikako, koma chilondacho chikungokula, chayamba kununkha, ndipo mwezi uno m'mphechepeche mwatuluka mwanabere wolimba. Bambowo akukanitsitsa kubwerera kuchipatala chifukwa anamva kuti kumeneko amadula. Mayiwa akufunsa ngati imeneyi ndi khansa, komanso ngati achedwa kale.

Mayi, ngakhale dokotala amene waona chilondacho ndi maso ake satsimikiza kuti ndi khansa mpaka atatapapo kanyama kakang'ono n'kukatumiza ku labotale. Komabe sindikubisirani, zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro zenizeni za khansa ya chida cha abambo. Chilonda cha chindoko chimauma pakapita milungu yochepa, ndipo zilonda zina zopatsirana pogonana zimamva mankhwala. Chilonda chimene chadutsa milungu 4 osapola, makamaka chikakhala cholimba m'mbali, chotuluka magazi kapena madzi onunkha, sichifunanso jakisoni wachitatu, chikufuna kupimidwa.

Khansa imeneyi kawirikawiri imayambira pakhungu, pamutu pa chida kapena mkati mwa khungu la kunsonga, ndipo poyamba siipweteka, n'chifukwa chake abambo ambiri amangoiyang'ana posamba n'kuvala. Pafupifupi theka la odwala amakhala kuti yayamba ndi kachilombo ka HPV, komwenso kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Khungu lothina losatheka kufundukula, litsiro lounjikana mkati mwake, fodya, HIV ndi ukalamba zimawonjezera chiopsezo. Matendawa sapezeka kawirikawiri mwa amuna amene anadulidwa ali aang'ono, koma pano pa Zomba, pomwe ambiri anapita ku jando, munthu asanyalanyaze chilonda chifukwa choti anadulidwa.

Tsopano nkhani ya mpeni, imene ndikuona kuti ndiye yagwira bambowo mwendo. Zimene anamva si bodza lokhalokha, koma amene anawauzayo anasiya theka la nkhani. Khansa ikapezeka ili pamwamba pa khungu, nthawi zina amangopaka mankhwala, kapena kuchita mdulidwe basi, kapena kuchotsa kamalo kakang'ono, munthu n'kutsala ndi chida chake chogwira ntchito. Ikalowa mkati m'pamene amadula mbali ina, ndipo wotsalayo nthawi zambiri amakodzabe chiimire. Ikadya mpaka kutsinde amachotsa chonse, n'kutsegula njira ya mkodzo pansi, kuseri kwa machende, moti munthu amakodza atakhala. Mwezi uliwonse umene bambo akhala pakhomo poopa mpeni, malo oyenera kudulidwa akukulirakulira.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mwanabere uja. Khansayi ikamachoka pamalo pake imayamba kufika m'mphechepeche, kenako imalowa mkati mwa chiuno. Kutupako kungathenso kukhala kwa mafinya a pachilonda chabe, koma ngati ndi khansa, madokotala amayenera kuchotsa timabere timeneto, ndipo ena amapatsidwanso mankhwala a khansa a m'diripi kapena kuwotchedwa ndi makina. Ngakhale ku America, kumene zipangizo n'zambiri, mwa odwala 10 amene khansa sinachoke pachida, pafupifupi 8 amakhala ali moyo pakatha zaka 5, pomwe mwa amene yafika kutali m'thupi amatsala pafupifupi mmodzi yekha. Pakati pa ziwirizi pali malo aakulu, ndipo n'kutheka kuti amuna anu ali pamenepo. Kotero yankho langa ndi lakuti mwachedwa ndithu, koma zochita zikadalipo.

Ndinaonapo kumene njira yobisayi imathera. Malume anga anabisa chilonda chotere zaka ziwiri, ndipo ife tinkangodabwa kuti asiya kupalasa njinga, asiya kupita kutchalitchi, ndipo amakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando atafunda chitenje cha azakhali m'malo mwa buluku. Tsiku limene tinawanyamula, mwanabere anali ataphulika kale n'kusanduka bala lakuya, ndipo chimene achipatala anatha kuchita ndi kutsuka balalo, kuthirapo mankhwala ochotsa fungo ndi kuwapatsa mofini wakumwa, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Thandizo limenelo si lonyozeka, chifukwa anayamba kugona tulo ndipo adzukulu anayambanso kulowa m'chipinda mwawo, koma iwo eni ankabwereza kunena kuti chinayamba ngati kachiphuphu.

Musalimbane nawo nokha bambowo. Pezani mchimwene wawo, malume kapena nkhoswe imene amaimvera, muiuze zoona zake zonse, ndipo mwina mwamuna mnzawoyo ndiye awaperekeze. Pitani kuchipatala chaching'ono chapafupi, monga cha Matawale, mukapemphe kalata yotumizira ku Zomba Central Hospital; zikafunika, iwo amatumizanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tengani kabuku ka kuchipatala komwe munalembedwa mankhwala onse aja. Akayezetsenso HIV, ndipo ngati ali kale pa ma ARV asadumphitse.

Inunso mukayezetse khomo la chiberekero. Khansa yokhayo siipatsirana, koma HPV imapatsirana, ndipo imatha kubisala m'thupi zaka zambiri, kotero kupezeka kwake lero si umboni woti wina anazemba posachedwa. Katemera wa HPV anayamba kuyesedwa m'maboma a Zomba ndi Rumphi mu 2013, n'kufika dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, choncho onani ngati adzukulu anu analandira.

Mukalowa m'chipinda cha dokotala, bambo asangonena kuti akumva kuwawa kunsiku. Anene mosapita m'mbali kuti chilonda chatha miyezi 7, mankhwala alephera kawiri, m'mphechepeche mwatupa, ndipo akupempha kuti atapidwe kanyama kokapima. Asanatuluke afunse tsiku lodzamva zotsatira, alilembetse m'kabukumo.