Musapachike nsapato chifukwa cha chigoli chodzimwetsa

Achimwene, chigoli chodzimwetsa chimodzi chisakusiyitseni mpira. Ndawerenga zimene mwalemba zoti mukufuna kusiya mpira mutadzimwetsa chigoli, mtima ukuwawa, chifukwa inenso zinandionekera.

Inali fainolo ya bonanza kwathu, fumbi lili koboo, kwatsala mphindi zochepa. Kona inabwera yokhota, goloboyi wathu osakuwa n'komwe kuti "wanga". Ndinalumpha kuti ndiuchotse ndi mutu, koma unandimenya kunkhongo n'kulowa. Bwalo linati zii, kenako chiphokoso. Mpaka lero ndimawaona mayi ena ogulitsa zitumbuwa akundiloza, amvekere "wadya ndalama ameneyo!" Kochi, munthu amene ndinamusewerera zaka zinayi osalandira ngakhale ya sopo, anandivula jezi anthu akuona. Goloboyi sanamunene kanthu, pajatu anali mwana wa mlongo wake. Lole ya timu inandisiya, ndinabwerera wapansi, usiku, pamimba. Kochi ameneyo sindimupatsa moni.

N'chifukwa chake nkhani ya Sergei Ignashevich imandikhudza. Mu 2018 anali ndi zaka 38, timu ya dziko la Russia anali asanaisewerere kuchokera pa Euro 2016, anangomuitana chifukwa Ruslan Kambolov anavulala. Pa 1 Julayi ku Luzhniki, mumzinda wakwawo wa Moscow, akukokana ndi Sergio Ramos wa Spain, mpira unamugunda kuchidendene n'kulowa mugolo lawo lomwe, masewera atangoyenda mphindi 12. Pa World Cup, pamaso pa anthu ake! Koma kochi wake Stanislav Cherchesov sanamutulutse. Mkuluyo anatseka kumbuyo mphindi 120 zonse, Spain osamwetsanso, Russia n'kubweza chigoli, ndipo atafika pa mapenate ananyamuka n'kukamwetsa yachiwiri. Russia inapambana 4-3. Ndinaonera m'chibanda cha vidiyo, misozi ili mbwembwembwe, anthu osadziwa chondiliza.

Anamaliza atasewerera dziko lake maulendo 127, kuposa wina aliyense, komanso ali ndi chikho cha UEFA Cup cha 2005 ndi CSKA Moscow. Ukochi nawo sunamuyendere myaa. Torpedo Moscow inamutenga mu 2019 n'kumuchotsa mu 2021. Baltika ya ku Kaliningrad anailowetsa mu ligi yaikulu mu 2023, chaka chotsatira inatuluka, koma nyengo yomweyo anaifikitsa mu fainolo ya chikho cha Russia, komwe anagonja kwa Zenit.

Ndiye inu pitani ku tireningi sabata ino ndithu, mufike oyamba, za masapota zilowe khutu ili zitulukire linali. Koma kochi wanuyo akangoyamba kukunyozani pagulu, musapirire ayi, nyamulani nsapato zanu muzipita. Ine sindinapondenso pabwalo lija, ndipo nsapato zanga ndinapatsa mphwanga.