Mipando ya panjinga yawachepera ana onse awiri: tigule chiyani tsopano?

Sabata ino ndikuyankha imelo ya mayi wina, Mmalawi mnzathu amene akukhala ku Nottingham, ku England. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Tilibe galimoto, ana athu awiri timayenda nawo panjinga. Wamkulu ali ndi zaka 5 ndi theka, amakhala pampando wa kumbuyo. Wamng'ono ali ndi zaka 2 ndi miyezi ingapo, amakhala pa kampando ka kutsogolo, pafupi ndi mahandulo. Vuto ndi loti mipando yawachepera nthawi imodzi. Wamkulu mawondo akundigunda kumsana, wamng'ono helimeti yake ikundigunda pachibwano. Kusukulu ndi makilomita ngati 3 ndipo pali chitunda chimodzi. Azimayi anzanga pageti la sukulu akuti ndigule njinga yaitali ya batire ija, koma mtengo wake ndi wogulira galimoto. Bambo akunyumba akuti tingomanga khushoni pa keliyala ngati kabaza, poti ifenso tinakulira pomwepo. Ndimvere ndani?"

Zikomo, Mayi, polemba. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo. Wamng'ono asamukire kumbuyo, alowe pampando wa mkulu wake. Wamkuluyo atsike, akhale ndi njinga yakeyake, yoti muziikoka mukafika pamsewu wa magalimoto ambiri. Ndalama zanu zipite kumeneko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wanuyu wafika poti mpando uliwonse umene mungamugulire lero udzakhala wa kanthawi chabe.

Musanagule kalikonse muwakweze pa sikelo onse awiri, atavala jekete ndi nsapato monga amapitira kusukulu. Zaka zimene amalemba pa katoni ndi zongoyerekeza. Chimene opanga mipando amayesa ndi makilogalamu. Ku Ulaya kuno mipando imeneyi imatsata muyezo wotchedwa EN 14344, ndipo manambala ake savuta kukumbukira: mpando wa kutsogolo umathera pa makilogalamu 15, wa kumbuyo pa 22, ngakhale ilipo ina ya kumbuyo yothera pa 15 pomwepo. Tembenuzani mpando wanu, nambalayo muipeza pa kapepala komata kapena itadindidwa papulasitiki. Ana ambiri amafika pa 15 cha m'zaka zitatu, ndipo pa 22 cha m'zaka 6. Koma mwana wamtali mpando umamuchepera sikelo isanadandaule. Mumaona mapewa atapitirira pamene malamba amatulukira, mutu uli pamwamba pa chotsamira, zopondapo mwazitsitsa mpaka bowo lomaliza koma mawondo akadali m'mwamba. Zimene mwafotokozazi ndi zomwezo.

Kulemerako si nkhani ya pulasitiki kuthyoka yokha. Mpando wa kumbuyo umakhala pamwamba pa tayala la kumbuyo, ndiye mwana wa makilogalamu 21 akangopendekera kumbali kuti aone galu amene mwamudutsa, njinga yonse imamutsata. Poyenda mumawongola osazindikira n'komwe. Ngozi yake ili poima pa maloboti, phazi limodzi lili pansi, chikwama chili pamsana, wina ali kutsogolo akukoka belu.

Za wamng'onoyo sizivuta. Mpando ulipo kale. Mungouyang'ana bwino poti wagwira ntchito zaka: muone ngati pulasitiki yang'aluka pafupi ndi mabawuti, ngati malamba anyotsoka, ngati chomangira chikumveka kuti khethe mukachitseka. Mukweze zopondapo, mufupikitse malamba. Ngati chishalo chanu chili ndi masipuling'i oonekera, muwaphimbe, chifukwa tizala ta mwana wa zaka ziwiri timalowa paliponse. Masiku oyamba adzalira ndithu, poti anazolowera kuona msewu wonse ndipo tsopano azingoona msana wanu. Zimatha. Mugulenso sitandi ya miyendo iwiri ngati mulibe, koma ngakhale ilipo musamusiye pampando inu mutachoka panjinga.

Tsopano maganizo a bambo. Sindiwaseka, chifukwa ali ndi mfundo. Mipando ya ana okulirapo imene makampani ngati Bobike ndi Polisport amagulitsa, ya mwana wofika makilogalamu 35, ndi kabaza yemweyo wovala suti: khushoni, kotsamira kakang'ono, lamba wa m'chiuno ndi popondera. Kusiyana kuli pa keliyala. Keliyala ya njinga ya Buffalo, imene ambiri tikuidziwa kwathu, anaipanga kuti inyamule makilogalamu 100, ndipo akabaza enieni amakawotcheretsa yawo kuti ilimbe, n'kuikanso tizitsulo topondapo. Makeliyala a njinga zambiri za kuno ndi a aluminiyamu, ogwidwa ndi timabawuti tinayi, ndipo ambiri analembedwa 25 kg. Mwana wa makilogalamu 21, kuphatikiza mpando, kuphatikiza chikwama cha mabuku, mwafika kale pamalire, ndipo mwanayo sanasiye kukula. Lamulo nalo silingakusiyeni. Gawo 24 la lamulo la pamsewu la kuno ku Britain, Road Traffic Act ya 1988, limaletsa kukwera anthu awiri panjinga pokhapokha ngati njingayo inapangidwa kapena kukonzedwa kuti inyamule munthu wachiwiri. Khushoni yomanga ndi mphira simungaiteteze pamaso pa wapolisi.

Koma chimene ndikufuna bambowo akumbukire si wapolisi ayi. Akumbukire mawu amene tonse tinkauzidwa tikamakwezedwa pa keliyala: tangadza miyendo! Ankatero chifukwa mwana akatopa kapena akayamba kusinza miyendo imagwera mkati, chidendene n'kulowa m'masipoko. Tayala siliima nthawi yomweyo. Limasenda khungu la chidendene, nthawi zina n'kuthyola fupa la pamwamba pa kakolo, ndipo bala lake limachedwa kupola. M'mudzi uliwonse muli munthu wamkulu amene ali ndi chipsera chimenechi. Ngakhale ku Netherlands, kumene mwana amakwera njinga asanayambe kuyenda, madokotala amalidziwa bwino bala limeneli, n'chifukwa chake njinga zawo zonyamula ana zimakhala ndi zotchinga m'mbali mwa tayala la kumbuyo. Choncho mukasankha njira ya bambo, pafunike zinthu zitatu pamodzi: keliyala yolembedwa kuti imanyamula makilogalamu 35 kapena kuposa, popondera pokhala ndi malamba, ndi chotchinga masipoko. Komabe kwa inu njira imeneyi ili ndi vuto lina. Kumbuyo kuli malo amodzi okha. Wamkulu akakhalapo, wamng'ono apita kuti?

N'chifukwa chake ndikuti wamkulu apalase yekha. Zipangizo zokokera mwana zilipo za mitundu ingapo, koma zambiri sizikuyenerani. Kanjinga ka tayala limodzi kaja, kokhala ndi chishalo ndi mapedulo koma kopanda tayala la kutsogolo, kawirikawiri kamamangidwa pa chitsulo cha chishalo chanu. Ndodo yokokera ya Trail-Gator nayo imamangidwa pomwepo. Zonsezi zimadutsa pamene pali mpando wa wamng'ono, ndiye sizingatheke pamodzi. Chimene chimatheka ndi FollowMe Tandem, chitsulo chopangidwa ndi kampani ya ku Switzerland. Ichi chimagwira pa ekiselo ya tayala lanu la kumbuyo, pansi penipeni, moti mpando ndi zikwama za m'mbali zimakhala m'malo mwake.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Mukakhala m'njira ya njinga zokhazokha kapena mu paki, chitsulocho mumachipinda n'kuchikoleka kumbuyo kwa njinga yanu, mwana n'kumapalasa yekha patsogolo panu, inu mukumuona. Mukafika pamsewu waukulu, kapena patsinde pa chitunda chanucho, mumaima, kutsitsa chitsulo, kunyamula tayala la kutsogolo la njinga ya mwana n'kulikhazika mkati mwake, kenako kumanga pa felemu. Tayalalo limakhala lolendewera pang'ono osagunda pansi, choncho mwana sangakhotetse. Amangopalasa, kapena kungokhala n'kumaimba. Poti chagwira pansi ndiponso mbali zonse ziwiri, sichigwedera monga zimachitira zomangidwa pa chishalo. Chimalandira njinga za ana za matayala a mainchesi 12 mpaka 20, ndipo mwana pamodzi ndi njinga yake asapitirire makilogalamu 45. Kwa wanuyu ndiye kuti chimuperekeza mpaka zaka 8 kapena 9, ndipo akamachisiya mng'ono wake adzakhala atafika pochifuna.

Zoipa zake ndinene. Chatsopano chimadutsa mapaundi 200. Ndi chitsulo cholemera, makilogalamu ngati 4 amene muziyenda nawo ngakhale mwana mwamusiya kusukulu. Kuchimanga koyamba kumafuna masipanala ndi kuleza mtima, ndipo manati ake amasiyana malinga ndi mtundu wa ekiselo ya njinga yanu. Komanso chitunda chija muzichimva m'ntchafu, poti mukukoka ana awiri. Muuzeni wamkuluyo kuti iye ndiye injini ya kumbuyo. Ana a msinkhu umenewu ukawapatsa udindo amapalasa mpaka kutuluka thukuta, ndipo m'nyengo yozizira zimathandiza, chifukwa mwana wongokhala pampando ndi amene amazizidwa msanga.

Ngolo yokoka ya ana awiri musaiganizire n'komwe. Ikanakhala nzeru wamkuluyo asanatalike chonchi. Za Thule Chariot, mwachitsanzo, zimalandira mwana wosapitirira masentimita 111, ndipo mwana wa zaka 5 ndi theka amakhala ali pomwepo kapena atadutsa.

Nanga njinga ya batire ya anzanu a pageti? Sakunama, ndi yabwino. Njinga ngati Tern GSD inapangidwa kuti inyamule makilogalamu ngati 200 kuwerengera zonse, ana awiri amakhala kumbuyo mondondozana, ndipo chitunda simuchidziwa. Mabanja ena anagulitsa galimoto chifukwa cha njinga zoterezi. Koma yatsopano imadutsa mapaundi 4,000, imalemera makilogalamu oposa 30, ndipo imafuna pogona potseka bwino chifukwa akuba amaikonda. Ngati mumakhala m'nyumba ya m'mwamba yokwera masitepe, nkhani yathera pomwepo. Ine ndingaivomereze ulendo wanu ukanakhala wa makilomita 8 kapena 10 tsiku lililonse, kapena mukanakhala kuti mukusankha pakati pa iyo ndi galimoto. Pa makilomita 3, kutenga ngongole ya zaka kuti munyamule mwana amene watsala pang'ono kumakusiyani m'mbuyo, ayi. Ife a kunja kuno tilinso ndi fizi ya ana a achibale ndi feteleza wa kumudzi zimene zimadikira pa malipiro omwewo, ndipo anzanu a pagetiwo mwina alibe zimenezo. Mukadzaifunabe, funsani kuntchito ngati ali mu ndondomeko ya Cycle to Work, imene imakulolani kulipira pang'onopang'ono kuchokera ku malipiro msonkho usanadulidwe. Ndipo mukaona ya bokosi kutsogolo ya Babboe ikugulitsidwa motchipa pa intaneti, chenjerani: mu February 2024 bungwe loona za chitetezo cha katundu ku Netherlands linaimitsa malonda a njinga zimenezi chifukwa cha mafelemu othyoka, ndipo mitundu ingapo inaitanidwa kuti ibwezedwe. Muyambe mwafufuza nambala ya felemu.

Njinga ya mwanayo ndi pamene sindifuna muumire. Pa msinkhu wake nthawi zambiri ndi ya mainchesi 16, koma muyezeni mwendo, osagula yaikulu kuti "akuliramo". Akhale pachishalo zala za kumapazi zikufika pansi, ndipo tizala take tifikire mabuleki. Muinyamulenso m'manja musanalipire. Tinjinga totchipa tokongoletsedwa ndi zithunzi za makatuni timadutsa makilogalamu 10, theka la thupi la mwini wake, pamene za Frog kapena Islabikes za saizi yomweyo zimakhala pa 6 kapena 7. Islabikes inasiya kupanga njinga mu 2023, koma zakale zake zadzaza pa eBay ndi pa Facebook Marketplace, ndipo zimagulitsikanso bwino mwana akaikulira. Ngati wanuyo akadali pa timatayala ta m'mbali, tichotseni. Muchotsenso mapedulo kwa masiku angapo, mutsitse chishalo, azikankha ndi mapazi pamalo otsetsereka pang'ono mpaka aphunzire kudzigwira. Mapedulo akabwerera zotsalazo amatola msanga.

Za kaunjika gulani momasuka njinga, chitsulo chokokera, ngakhale mpando ngati mwauona ndi maso. Helimeti yokha ikhale yatsopano, chifukwa yomwe inagwapo kale imaoneka bwinobwino kunja pamene mkati inaphwanyika. Muikenso nyali yofiira kumbuyo kwa njinga ya mwana, poti mukamamukoka iye ndiye amatchinga yanu, ndipo mu December ku Nottingham dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Ulendo woyamba usakhale wa Lolemba m'mawa. Pitani ku paki Loweruka, wamng'ono atsale ndi bambo ake, muyeserere kukhota motakasuka ndi kuima mwadzidzidzi, ndipo wamkulu aphunzire kuti akakhala womangidwa buleki saigwira. Kampando ka kutsogolo mukatsuke n'kukagulitsa pamodzi ndi chitsulo chake chomangira ndi kiyi, chifukwa kopanda zimenezo palibe amene angakagule. Ndipo musanaitanitse FollowMe, jambulani hapu ya tayala lanu la kumbuyo, pakati paja pamene pamadutsa ekiselo, mbali zonse ziwiri, mukaonetse wokonza njinga wa kwanuko kapena munditumizire, tione manati amene akuyenera.