Masiku awiri ku Cape Town mu Julaye: vinyo, chakudya ndi zojambula

Mayi ena atilembera imelo. Iwo ndi amuna awo akafika ku Cape Town Lachisanu madzulo mu Julaye, n'kubwerera Lamulungu usiku. Akufuna kukalawa vinyo, kudya bwino ndi kuona zojambula, koma anzawo awaopseza kuti mwezi umenewo ndi wa mvula yokhayokha. Akufunsanso ngati angathe kuyendera Stellenbosch ndi Franschhoek, matauni odziwika ndi minda ya mphesa kunja kwa Cape Town, tsiku limodzi.

Mayi, anzanuwo sananame. Ku Cape Town mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Masana kumafunda mpaka madigiri 17 kapena 18, usiku kumatsika kufika pa 7 kapena 8, ndipo ikamakwana 6 koloko madzulo kumakhala kwayamba kuda. Koma mvulayo imabwera ndi kupita, ndipo zonse zitatu zimene mukufunazi zimachitikira m'nyumba. Tengani jekete losalowa madzi. Ambulera musaidalire, mphepo ya kumeneko imaipinda. Zokwera phiri la Table Mountain muziike pambali ngati zamwayi, chifukwa ngolo za pa chingwe zimaima kukachita mphepo, ndiponso kawirikawiri amazitseka kuti azikonze chakumapeto kwa Julaye kapena kumayambiriro kwa Ogasiti.

Za Stellenbosch ndi Franschhoek tikuti ayi. Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, Franschhoek pafupifupi 75, ndipo tsiku lalifupi chonchi lingathere mumsewu. Pitani ku Constantia, chigwa cha mphesa chimene chili m'kati mwa mzinda momwemo, ulendo wosapitirira theka la ola kuchokera pakati pa tauni. Kumeneko kuli Groot Constantia, munda umene Simon van der Stel, mtsogoleri wa atsamunda a Chidatchi ku Cape pa nthawiyo, anaukhazikitsa mu 1685, ndi Klein Constantia, kumene amapanga vinyo wotsekemera wotchedwa Vin de Constance. Kuli Steenberg, Buitenverwachting ndi ina. Musayembekezere kuona mphesa zili lendelende. Zokolola zimatha cha m'Marichi, ndiye mu Julaye mitengo imakhala yopanda masamba, antchito ali kalikiliki kudulira nthambi, pakati pa mizere pali msipu wobiriwira. Ubwino wake ngwakuti alendo amachepa, moti wothira vinyo amakhala ndi nthawi yokufotokozerani modekha.

Vinyo muikeni Loweruka, popeza minda ina sitsegula Lamulungu, ndipo imbani foni kusanafike tsikulo chifukwa malo ena odyera amatseka kwa masabata angapo m'nyengoyi. Sankhani minda iwiri basi. Chifukwa chake nachi: munda uliwonse umakupatsani mitundu isanu kapena kuposerapo, ndipo mtundu uliwonse amathira mamililita a pakati pa 30 ndi 50. Mukamameza zonse, minda iwiri ingakufikitseni pa theka la lita, pomwe botolo lathunthu ndi mamililita 750. Pofika munda wachitatu lilime limakhala latopa, vinyo aliyense akukoma mofanana, ndipo ndi nthawi imeneyo anthu amagula mabotolo amene amadzanong'oneza nawo bondo kunyumba. Kachidebe kamene amaika patebulo nkolavuliramo. Kulavula si mwano, akatswiri amatero tsiku ndi tsiku. Aliyense wa inu asayendetse galimoto. Lamulo la ku South Africa limafuna kuti mowa m'magazi usafike magalamu 0.05 pa mamililita 100, ndipo munthu angathe kupyola malire amenewo ndi munda umodzi wokha. Matakisi oitanitsa pa foni a Uber ndi Bolt amafika ku Constantia mosavuta.

Idyani chakudya cham'mawa chokhutitsa, mufike pa munda woyamba cha m'ma 11 koloko. Musadzole pefyumu, ndipo khofi, chingamu ndi mankhwala otsukira mano zikhale zitatha m'kamwa, chifukwa zonsezi zimaphimba fungo ndi kakomedwe. Yambani ndi vinyo wa thovu, amene kumeneko amamutcha Cap Classique, kenako woyera, kenako wofiira, wotsekemera pomalizira. Mukatembenuza ndondomekoyi, shuga wotsalira pa lilime amachititsa kuti vinyo wotsatira amveke wowawasa kuposa mmene alili.

Polawa, gwirani galasi pa mwendo wake. Nunkhizani kaye musanaligwedeze, kenako lizungulizeni pang'ono muli kuligwirizira patebulo, nunkhizaninso, mumva kuti fungo latuluka. Imwani pang'ono, muyendetse m'kamwa monse masekondi angapo. Kuuma kumene mumamva m'nkhama mukamwa wofiira, ngati kwa tiyi amene masamba ake akhalitsa m'madzi, kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa. Apa ndi pamene nyengo yozizira imanyenga anthu. Vinyo wofiira amakoma bwino ali pa madigiri 16 mpaka 18, koma botolo lochokera m'chipinda chozizira limabisa fungo la zipatso n'kusiya kuuma kokhako. Musafulumire kumuweruza. Fumbatani galasi m'manja kwa mphindi ziwiri, mulawenso. Koma akamanunkha ngati katoni yonyowa, vuto ndi chotsekera botolo chimene chaipitsa vinyoyo, ndipo mukanena adzakutsegulirani lina popanda mkangano.

Constantia imadziwika ndi vinyo woyera wa Sauvignon Blanc chifukwa cha mphepo yozizira yochokera kunyanja ya False Bay. Mukaona vinyo wofiira wa Pinotage pa mndandanda, mulaweni, poti ndi wobadwira ku South Africa komweko: katswiri wa mphesa Abraham Perold anakwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut mu 1925. Nkhomaliro idyerani pa munda woyamba musanapite wachiwiri. Mukatha, Norval Foundation ili pafupi ndi Steenberg. Inatsegulidwa mu 2018, ili ndi zipinda za zojambula m'kati ndi bwalo la ziboliboli kunja. Kukakhala kuli mbee, yambirani panja kusanade.

Pa chakudya, funani waterblommetjiebredie, nyama ya nkhosa yophikidwa pang'onopang'ono pamodzi ndi maluwa a chomera cha m'madamu chimene chimaphuka m'miyezi yozizira. Mukapita mu Disembala simudzaipeza yatsopano, ndiye mwayi ndi uno. Nsomba ya snoek yowotcha ndi jamu wa maapurikoti imayenda bwino ndi vinyo woyera wa Chenin Blanc. Bobotie, nyama yogaya yothira zokometsera yokhala ndi mazira ndi mkaka pamwamba, imalimbana ndi vinyo wofiira wouma kwambiri, choncho itanitsani woyera. Matebulo a Lachisanu ndi Loweruka usiku sungitsiranitu, ndipo woperekera chakudya mumusiyire 10 peresenti ya bilu kapena kuposerapo.

Lamulungu m'mawa pitani ku Bo-Kaap mukagule koesisters, zitumbuwa zofanana ndi mandasi, zotentha, zophikidwa ndi sinamoni, zoviikidwa m'madzi a shuga n'kuwazidwa kokonati. Dera limeneli nla Asilamu ambiri, ndiye malo ambiri odyera sagulitsa mowa, ndipo pemphani kaye musanajambule munthu kapena pakhomo pake. Mukatero lunjikani ku nyumba ya zojambula ya Zeitz MOCAA ku V&A Waterfront. Nyumbayi inali nkhokwe ya mbewu ya m'ma 1920, ndipo poikonza anasema m'kati mwa mipope yake ikuluikulu ya konkire kuti pakhale chipinda chooneka ngati njere ya chimanga. Inatsegulidwa mu 2017 ndipo imaonetsa ntchito zamakono za akatswiri a ku Africa ndi ochokera ku Africa okhala kunja. Kwerani ndi lifiti mpaka pamwamba, muziona mukutsika. Maola awiri kapena atatu akwana, ndipo tsiku lomwelo musaonjezerepo nyumba ina ya zojambula, maso nawonso amatopa ngati lilime.

Mabotolo amene mwagula saloledwa m'chikwama cham'manja mundege zopita kunja kwa dziko. Botolo lililonse liikeni m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, likulungeni ndi juzi, muliike pakati pa sutikesi osati m'mbali. Ndipo musanagule, fufuzani kuchuluka kwa malita amene dziko lomwe mukubwerera limalola kulowa nawo popanda msonkho.