Core ya transifoma: musajambule kachitsulo kalikonse pakokha

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake pulogalamu yowerengera maginito pakompyuta ikuonetsa kuti core ya transifoma yanu (mulu wa tizitsulo topyapyala tomwe mawaya amakulungidwapo) ikutaya mphamvu yambiri chonchi, komanso ngati mujambule kachitsulo kalikonse pakokha. Musatero. Tizitsulo ta 0.35 mm timakhala tambirimbiri, pakati pake pali vanishi wopyapyala kwambiri, ndiye mesh (tizigawo tomwe pulogalamu imagawa chojambula kuti iwerengere) idzakula mpaka kompyuta kulephera kumaliza.

Pa za mphamvu yotayikayo, ndikukayikira conductivity, kutanthauza mmene chitsulo chimalolera magetsi kudutsa. Mukajambula core ngati chitsulo chimodzi chathunthu, eddy current (magetsi obadwa m'chitsulo chifukwa cha maginito osinthasintha) imazungulira m'chitsulo chonsecho, pomwe mu transifoma yeniyeni vanishi uja amaitchinga. Kachitsulo kakanenepa kawiri, mphamvu yotayika ndi eddy imachuluka kanayi. Nanga chitsulo cha masentimita angapo?

Core ijambuleni imodzi, koma muuze pulogalamu kuti ndi yosanjikiza. Mu pulogalamu ya FEMM, yomwe ndi yaulere, sankhani Laminated in-plane, mulembe makulidwe a kachitsulo ndi fill factor (gawo la mulu lomwe ndi chitsulo chenicheni, osati vanishi), nthawi zambiri 0.95 mpaka 0.97. Pa depth lembani utali wonse wa mulu, musachotserenso vanishi, mungachotse kawiri. Dziwaninso kuti FEMM sivomera kusanjikiza kotsata x kapena y mukamawerengera AC. Mu pulogalamu ya Ansys Maxwell muli stacking factor (fill factor yomweyo) ndi mbali yosanjikizira.

Ngati muli mu 3D, monga pa COMSOL, apa mpofunika kudekha. Conductivity ya mbali yodutsa mulu ikhale pafupifupi ziro. Permeability (mmene chitsulo chimalolera maginito kudutsa) ya mbali imeneyo imagwanso kwambiri, chifukwa flux, yomwe ndi maginito oyenda mu core, ikuwoloka vanishi mobwerezabwereza: pa fill factor ya 0.95 imangofika cha m'ma 20, pomwe motsata chitsulo ili m'masauzande. Mukaiwala izi, flux yotuluka kumapeto kwa mulu idzakunamizani. Ineyo ndimakonda kuzimitsiratu eddy mu core, ndipeze B (kuchuluka kwa flux pamalo) kaye, kenako mphamvu yotayika ndiwerengere pambuyo ndi njira ya Bertotti kapena ya Steinmetz.

Zonsezi n'zachabe ngati B-H curve, mzere woonetsa mmene chitsulo chimatengera maginito, si ya chitsulo chanu. Musangotola chitsulo cha M-19 chifukwa chili kale mu laibulale ya pulogalamu. Pezani datasheet. Dzina ngati M270-35A limanena kale zambiri: mphamvu yotayika yosapitirira 2.70 W/kg pa 1.5 T ndi 50 Hz, makulidwe 0.35 mm. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, choncho manambala a ku America a 60 Hz musawagwiritse ntchito osawasintha. Chitsulo chikakhala grain-oriented, chimafuna ma curve awiri, chifukwa flux imayenda mosavuta mbali imodzi yokha.

Manambala a datasheet amayezedwa pa Epstein frame, chipangizo choyezera tizitsulo tisanamangidwe kukhala core. Core yodulidwa ndi makina, yomangidwa ndi mabawuti kapena kuwotchereredwa imataya zoposa pamenepo. Ngati transifomayo muli nayo, iyezeni ndi wattmeter isanalumikizidwe ku chilichonse chogwiritsa ntchito magetsi ake, muyerekeze ndi zapakompyuta. Tumizani dzina la chitsulo chanu ndi pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito, tikuthandizeni kulowetsa manambala.